Funsani Amisiri: Failo Nayo Imadindidwa Ngati Fodya

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mafailo othera ndi .zip, .rar ndi .7z, omwe ndi mafailo ofinyidwa kuti achepe kapena omangidwa pamodzi ngati phukusi, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Ena ndawadula kuti akwane pa tsambali, eni ake andikhululukire.

FUNSO: Zikomo Amisiri. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi. Mu laputopu ya kalabu muli WinRAR, pulogalamu yotsegulira mafailo oterewa, ndipo ndikangoti nditsegule failo kumatuluka kabokosi kondiuza kuti masiku 40 oyeserera adatha, ndiigule. Mnyamata wina wa pa tauni akuti ndikamupatsa kangachepe andiikira yothyola kale yomwe siidzafunsanso ndalama. Ndimupatse? Mlembi, Kasungu

YANKHO: Kangachepeko mugulire ana sopo, bambo mlembi. Kabokosiko sikakunama. WinRAR ndi katundu wamalonda, adaipanga Eugene Roshal wa ku Russia, ndipo dzina loti RAR ndi chidule cha Roshal Archive. Mwini wake akamapempha ndalama akupempha zake ndithu. Koma mapulogalamu othyola amene anyamata amayenda nawo pa flash ndi amene amandibweretsera makasitomala ambiri pa shopu panga, chifukwa kawirikawiri amabwera ndi vairasi kumbuyo. Laputopu yosunga kaundula wa ngongole za feteleza za anthu si yoseweretsa motero.

Ine pa kompyuta iliyonse yomwe ndakonza ndimaikapo 7-Zip. Adailemba Igor Pavlov, nayenso wa ku Russia, ndipo idatuluka koyamba mu 1999. Ndi yaulere kunyumba, ku ofesi, kutchalitchi ngakhale pa bizinesi, ndipo malamulo onse a kompyuta amene adailembera (source code) ali poyera, ambiri mwa iwo pansi pa chilolezo cha GNU LGPL, moti aliyense wodziwa ntchitoyi angathe kuwawerenga. Failo yoikira siifika ngakhale 2 MB, bandulo yanu siimva n'komwe. Itengeni pa 7-zip.org, ndipo kamzere kapakatiko musakaiwale, chifukwa pali masamba ena a maina ofanana nalo amene si a Pavlov.

Chimodzi chokha mudziwe: 7-Zip imatsegula mafailo a RAR bwinobwino koma siingapange RAR yatsopano, poti njira yopangirayo eni ake sadaimasule. Inu simuluzapo kanthu, muzingopanga ZIP kapena 7z. Ngati maonekedwe ake akale aja sakukusangalatsani, iliponso PeaZip ya Giorgio Tani wa ku Italy, nayonso yaulere ndi yapoyera. Pa Windows 11 mukadina batani lakumanja la mbewa osaiona 7-Zip, pitani pa Show more options, ili m'menemo.

FUNSO: Amisiri, ndimajambula maukwati. Ndidazipa kanema wa ukwati wa 3 GB kuti achepe ndimutumize kwa eni ake ku Johannesburg. Ndidadikira pafupifupi ola lathunthu, koma potha adatuluka 3 GB yomweyo, kungochepa pang'ono posaoneka n'komwe. Kodi pulogalamuyi ndi yabodza? Wojambula, Ndirande

YANKHO: Pulogalamuyo ilibe mlandu, achimwene. Mudaipatsa belo lodinda kale kuti ilidindenso.

Ndidakulira kwa alimi a fodya, ndiye ndilongosola ndi zomwe ndidaona ndili mwana. Fodya akamuchotsa m'chigafa amakhala mulu waukulu wodzaza chipinda. Akamuika m'bokosi n'kumutsindira ndi jeke, mulu wonse uja umasanduka belo limodzi lomwe anthu awiri anyamula. Palibe tsamba lomwe latayika, chomwe chachoka ndi mpata wa pakati pa masamba. Tsono tengani belo lomwelo, losoka kale, mulibwezere pansi pa jeke. Mutuluka thukuta chabe.

Mu failo, mpata umenewu ndi zinthu zobwerezabwereza. Taganizani za kaundula wa bambo mlembi a ku Kasungu aja. Mawu oti "feteleza", "ngongole", "wabweza" ndi "sadabweze" alembedwamo kambirimbiri. Pulogalamu yodinda imalemba mawuwo kamodzi, ndipo ikakumana nawonso imangoika kachizindikiro konena kuti bwerera m'mbuyo malo akutiakuti, ukopere zilembo zingapo. Nzeru imeneyi adaitulukira Abraham Lempel ndi Jacob Ziv ku Israel mu 1977, n'chifukwa chake imatchedwa LZ77. Pamwamba pake pamabwera ina ya David Huffman ya mu 1952, yopatsa chizindikiro chachifupi kwa chilembo chomwe chimabwera pafupipafupi, chachitali kwa chosowa. M'Chichewa chathuchi chilembo cha a chingapate chachifupi kwambiri. Werengani mzere uno nokha muone kuti chabwera kangati. ZIP, yomwe Phil Katz wa ku Milwaukee ku America adaitulutsa mu 1989, imagwiritsa ntchito nzeru ziwirizi pamodzi. Imayang'ana m'mbuyo 32 KB yokha posaka zobwereza, pomwe njira ya Pavlov yotchedwa LZMA, yomwe ili mu 7z, imatha kuyang'ana mamegabaiti ambirimbiri. Apa ndi pamene 7z imapambanira ZIP, ngakhale imachedwerapo.

Tsono kanema wanu wa MP4 kamera idamudinda kale pomujambula, ndipo idadinda mwankhanza kuposa 7-Zip, chifukwa iyo imataya ndithu tinthu tomwe diso silingaone. Zithunzi za JPG ndi nyimbo za MP3 ndi chimodzimodzi. Zobwereza zidatha kale m'menemo. Ngakhale kalata ya Word yothera ndi .docx ndi ZIP kale, yangovala dzina lina. Yesani tsiku lina kuitsegula ndi 7-Zip, mupeza timafoda ndi timafailo m'kati, ndipo zithunzi zonse za m'kalatayo zili pa foda yakeyake. Ine ndimatulutsira zithunzi m'malipoti a anthu mwa njira imeneyi. Zomwe zimafinyika mokoma ndi zolemba wamba, mafailo a CSV, zithunzi za BMP ndi mawu a WAV.

Ngati mukufuna kanemayo achepe, ntchitoyo ndi ya pulogalamu yosintha kanema ngati HandBrake, nayo yaulere ndi yapoyera. Mutsitsa kukula kwa chithunzi, failo ichepa kwambiri, koma kuwala kwina kupita ndipo sikubweranso. Sungani woyambayo.

Sindikuti kuzipa zithunzi n'kopanda ntchito. Jeke ndi mbali imodzi, chiguduli chokulungira belo ndi mbali ina. Zithunzi 400 za ukwati mukazimanga mu ZIP imodzi n'kuitumiza pa WhatsApp ngati Document, zimafika zonse pamodzi, ndi maina ake, osaphwanyidwa monga zimachitira mukazitumiza chimodzichimodzi ngati zithunzi. WhatsApp imalola Document mpaka 2 GB. Pamenepo pa Compression level sankhani Store, kutanthauza kumanga kokha osafinya, ndipo ola lanu lija lisanduka timphindi. Kwa kasitomala tumizani ZIP osati 7z, chifukwa ZIP imatseguka pa Windows, pa Mac ndi pa mafoni ambiri popanda kuikamo china chilichonse. Mayi a mkwatibwi sadzakuimbirani usiku kufunsa kuti chimenechi atsegula bwanji.

FUNSO: Flash yanga ndi ya 32 GB ndipo ilibe kanthu, koma ikukana failo ya 6 GB, ikuti yakula. Imelo nayo ikukana lipoti langa la 60 MB. Ndalodzedwa? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Simudalodzedwe, mwanawe. Flash zambiri zazing'ono zimabwera zitakonzedwa mwa dongosolo la FAT32, lomwe silinyamula failo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka. Gmail nayo malire ake ndi 25 MB, ikapitirira imaika failoyo pa Google Drive n'kutumiza linki.

Mankhwala a zonse ziwiri ndi amodzi. Dinani kumanja pa failoyo, 7-Zip, Add to archive, ndipo m'kabokosi kolembedwa Split to volumes lembani 20M ngati ndi za imelo, kapena 2000M ngati ndi za flash. Mutuluka zidutswa zothera ndi .001, .002, .003 mpaka zitatha. Wolandira aziike zonse mu foda imodzi, atsegule ya .001 yokha, zinazo zitsatira zokha. Chidutswa chimodzi chikasowa, failo yonse siituluka. Kumene netiweki imadukaduka njira imeneyi imapulumutsa bandulo, chifukwa ikaduka mumangobwereza chidutswa chomwe chalephera. Flash mukhozanso kuifomata kukhala exFAT, koma zonse zomwe zilimo zifufutika, ndipo ma TV ndi mawailesi ena akale sadzaiwerenganso.

Pano ndiulule tchimo langa. Chaka china mayi wina adandibweretsera kompyuta kuti ndiikemo Windows yatsopano. Ndidamanga zithunzi zawo zonse, za ana kuyambira ali akhanda, mu 7z imodzi, n'kuikopera pa flash yomwe ndidagula motchipa pa msika. Ndidaona dzina la failo likuoneka, kukula kwake kuli bwino, ndidafufuta diski. Pobwezera, 7-Zip idangolemba Data error mizere yotsatizana. Flash ija inali yachinyengo, yolembedwa kukula komwe inalibe. Choipa china, 7z imakonda kumanga mafailo onse ngati mtanda umodzi, zomwe amati solid, ndiye pakaonongeka pamodzi zambiri za kutsogolo kwake zimapita nazo. Tidapulumutsa zochepa chabe, ndipo nkhope ya mayi aja ndimaikumbukabe. Kuyambira tsiku limenelo sindifufuta kanthu ndisanadine Test archive pa kope lomwe lili pa flash penipenipo, osati la pa kompyuta. Apa WinRAR ndiyipatse ulemu wake: ili ndi recovery record yothandiza kukonza failo yoonongeka pang'ono, chinthu chomwe 7z ilibe.

FUNSO: Bambo Amisiri, ine zaulere ndimaziopa. Munthu angagwire ntchito zaka zonsezi osalipidwa popanda chomwe akufuna? Sakutibera zinsinsi ameneyu? Mayi wa bizinesi, Mzuzu

YANKHO: Mantha anuwo ndi abwino, mayi, musawataye. Koma pali zaulere ziwiri. Pali pulogalamu yomwe amakupatsani ulere koma m'kati mwake simuloledwa kuonamo, ndiye pali yomwe malamulo ake onse ali pabwalo. 7-Zip ili m'gulu lachiwirili, ndipo akatswiri a m'maiko ambiri akhala akuisanthula. Zolakwika amazipezamo ndithu, zina zoopsa, ndipo zimakonzedwa m'kope lotsatira.

Kuti pabwalo sipalowa mbala, ayi, sindinganene. Mu March 2024 kudachitika nkhani ku pulogalamu ina yodinda mafailo yotchedwa xz, yomwe ili m'makompyuta ambiri oyendera Linux, dongosolo lina loyendetsa kompyuta ngati Windows. Amene ankaisamalira, Lasse Collin, ankagwira ntchitoyo pafupifupi yekha, mongodzipereka. Kudabwera munthu wodzitcha Jia Tan, adathandiza mokhulupirika kwa zaka ziwiri mpaka adapatsidwa makiyi, kenako adabisamo khomo lakuseri loti azilowera m'makompyuta a eni. Amene adatulukira khomolo ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, amene adangodabwa kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi, n'kuyamba kufukula. Adatha kufukula chifukwa zonse zinali poyera, ndipo makope oipawo, 5.6.0 ndi 5.6.1, adachotsedwa asanafalikire. Nkhaniyi siidakhudze 7-Zip, ngakhale xz imagwiritsa ntchito njira ya LZMA yomweyo.

Kwa inu choopsa chenicheni chili pafupi kuposa pamenepo. 7-Zip siidzikonza yokha ngati mapulogalamu a pa foni, ndiye ndimapeza makompyuta ali ndi kope la zaka khumi zapitazo. Kamodzi kapena kawiri pa chaka pitani mukatenge latsopano. Chachiwiri, ZIP yochokera kwa munthu wosamudziwa, yolembedwa kuti invoice kapena mndandanda wa olembedwa ntchito, ndi phukusi lomwe simudaone pomanga. Mukaitsegula n'kupeza failo yothera ndi .exe, .js kapena .scr m'malo mwa PDF, itsekeni, ifufuteni.

FUNSO: Ndidatseka mapepala a malipiro a antchito mu 7z ndi pasiwedi chaka chatha. Ndaiwala. Mungandithyolere? Ndilipira. Akauntanti, Lilongwe

YANKHO: Ndalama zanu ndikadazifuna, bwana, koma ndingakubereni. 7z imatseka ndi loko wolimba kwambiri wotchedwa AES-256, ndipo palibe kiyi wapadera amene Pavlov kapena wina aliyense adasunga. Mapulogalamu olonjeza kuthyola amangoyesa mapasiwedi mmodzimmodzi. Ngati yanu inali yaifupi, monga dzina la mwana ndi chaka, akhoza kuipeza. Ngati inali yaitali yosakaniza bwino, iwalani.

Kwa ena amene mukufuna kutseka mafailo: mukasankha ZIP onetsetsani kuti pa Encryption method pali AES-256 osati ZipCrypto, yomwe ndi loko wakale wosavuta kuthyola. Mukasankha 7z chongani Encrypt file names, apo ayi aliyense aona maina a zomwe zili m'kati ngakhale sangazitsegule, ndipo dzina ngati "ochotsedwa ntchito December" laulula kale zonse. Pasiwedi musaitumize mu imelo yomweyo yomwe mwatumizira failo, muimbireni mwini wake foni.

Inu a akauntanti, khalani pansi ndi pepala mulembe mapasiwedi onse omwe munkagwiritsa ntchito chaka chatha, a imelo, a ku banki, a Facebook, muyese limodzi ndi timasinthidwe take. 7-Zip siitopa ndipo siikutsekerani kunja ngakhale mulakwitse kangati. Yesaninso lililonse Caps Lock ili yoyaka. Mnzanga wina adavutika sabata yathunthu, kenako zidapezeka kuti tsiku lomwe ankatseka failoyo kabatani kameneka kanali koyaka iye osadziwa.