Usathamangire chidule, kayambe ku khothi la ku London

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu ku yunivesite. Wapatsidwa ntchito yolemba za umphawi wa ana m'buku la Charles Dickens lotchedwa Oliver Twist. Akuti kulaibulale kuli buku limodzi lokha lomwe kalasi yonse ikulimbirana, ndipo mawebusaiti omwe wapeza akufuna madola. M'munsi mwa kalatayo amayi ake awonjezamo awo mawu: "Ndalama ya bandulo ndimaipeza movutikira. Kodi nkhani za Azungu akalekalezi zidzam'dyetsa mwanayu?"

Ndiyambe ndi iwe, mwana wanga. Bukulo usalidandaule. Dickens anamwalira mu 1870, ndipo mabuku ake aliyense angathe kuwatenga ulere. Lowa pa Project Gutenberg, nkhokwe yomwe Michael Hart anaiyambitsa mu 1971, ndipo lero ili ndi mabuku opitirira 70,000. Sankha fayilo ya mawu okhaokha, yopanda zithunzi. Buku lonselo ndi pafupifupi 1 MB, kuchepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp. Ukalitsitsa lakhala lako, uziwerenga ngakhale bandulo itatha. Maso akatopa, pa LibriVox pali anthu ongodzipereka omwe analiwerenga mokweza, koma mafayilo a mawuwa ndi olemera, choncho ukawatsitsire pa Wi-Fi ya kusukulu.

Chimene ndikufunitsitsa kuti uchimve ndi ichi. Anzako ambiri adzathamangira masamba opereka chidule cha buku, ndipo onse adzalemba zofanana: Oliver anali wamasiye, anavutika, Dickens ankadana ndi nkhanza. Mphunzitsi amene wawerenga mapepala makumi anayi onena zomwezo amafika pa lako atatopa kale. Iwe pita kumene anthu a nthawi imeneyo akudzilankhulira okha.

Malo oyamba ndi Old Bailey Proceedings Online. Old Bailey ndi khothi lalikulu la milandu ya upandu ku London, ndipo webusaitiyi ili ndi milandu pafupifupi 197,000 yomwe inazengedwa kuyambira 1674 mpaka 1913, yonse yaulere. Pamalo ofufuzira lembapo mawu akuti handkerchief, usankhe zaka za 1830 mpaka 1839. Mipango ya m'thumba, makamaka ya silika, inali ndi msika pa nthawiyo, ndipo n'chifukwa chake anyamata a Fagin, mkulu wa akuba m'bukuli, amaphunzitsidwa kuisolola. Udzapeza mwini mpango akufotokoza msewu umene anamva dzanja m'thumba mwake, wapolisi akunena pomwe anam'gwirira mnyamatayo, kenako mnyamata mwiniwake akudziteteza ndi mzere umodzi kapena iwiri basi. Pamapeto pali zaka zake zakubadwa ndi chigamulo. Ambiri ankawatumiza ku Australia kwa zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo. Nthawi yoyamba imene ndinawerenga milandu imeneyi ndinakhala duu kwa kanthawi, chifukwa ena mwa anawo ndi amsinkhu wa ana a Sitandade 7. Tenga milandu itatu, uiyike pafupi ndi mutu umene Oliver akuonekera pamaso pa woweruza, uone zimene Dickens anasunga ndi zimene anasintha. Nkhani yako yapezeka pamenepo, ndipo palibe mnzako amene adzakhale nayo.

Malo achiwiri ndi a phala lija lomwe Oliver anapempha kuti amuwonjezere ali m'nyumba ya anthu osauka. Bukuli linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'magazini mu 1837, patangopita zaka zitatu chikhazikitsireni lamulo latsopano la anthu osauka la 1834. Lamulolo linafuna kuti wosauka wofuna thandizo azikalowa m'nyumba zogwiriramo ntchito zotchedwa workhouse, momwe moyo unkaumitsidwa dala kuti anthu aziopa kupempha. Mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, ana ndi makolo awo. Webusaiti ya Peter Higginbotham, workhouses.org.uk, ili ndi mapulani a nyumbazi, malamulo ake, ngakhalenso ndandanda ya chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ukaona muyezo wa phala lamadzimadzi lomwe mwana ankalandira, pempho la Oliver loti amuwonjezere ulimva mosiyana.

Zina ndingozitchula mwachangu. The Victorian Web ili ndi nkhani zifupizifupi za chipembedzo, ndale ndi zojambula za nthawi ya Mfumukazi Victoria, yemwe analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Dickens Journals Online ili ndi magazini awiri omwe Dickens ankawakonza yekha. London School of Economics inaika poyera mapu a Charles Booth omwe anapaka misewu ya London mitundu malinga ndi umphawi wa okhalamo, koma samala, mapuwo ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Dickens atamwalira kale. Kwa ang'ono ako amene akulimbana ndi Shakespeare ku sekondale, Folger Shakespeare Library ya ku Washington imapereka masewero ake onse ulere. Ndipo ukadzatsegula buku losindikizidwa chisanafike chaka cha 1800 pa Internet Archive, usadabwe ndi chilembo chooneka ngati f pakati pa mawu. Ndi s wautali wa osindikiza akale.

Za madola zija: nkhani za akatswiri zambiri zili pa JSTOR. Ukatsegula akaunti yako yaulere umaloledwa kuwerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse osalipira. Komanso kafunse woyang'anira laibulale. Malaibulale a m'dziko muno ali ndi bungwe lawo la MALICO lomwe limawathandiza kupeza magazini a pa intaneti pamodzi, ndipo ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi osadziwa kuti sukulu yawo inawatsegulira kale khomo. Chilichonse chimene watenga, lemba pomwepo m'kope dzina la webusaiti, nambala ya mlandu ndi tsiku lomwe unawerenga. Masamba amatha kuzimiririka. British Library yeniyeniyo inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti mu Okutobala 2023, ndipo zinthu zambiri sizinkapezeka kwa miyezi.

Tsopano amayi, funso lanu ndalimva ndipo ndi lachilungamo. Sindingakulonjezeni kuti Dickens adzam'lemba ntchito mwanayu. Chimene akuphunzira ndi kufufuza umboni, kuusiyanitsa ndi mphekesera, n'kulemba zomveka. Luso limeneli ndi limene amadyera aphunzitsi, atolankhani, akonzi a mabuku, ogwira ntchito ku National Archives ku Zomba, ndi olemba malipoti m'mabungwe. Akadzafuna kulowera kosunga mabuku ndi zolembedwa, Mzuzu University imaphunzitsa zimenezo. Pa bandulo, m'pempheni kuti azitsitsa kamodzi n'kumawerenga intaneti atazimitsa. Mudzaona kuti zolembedwa sizidya ndalama ngati mavidiyo.

Ndipo nkhanizi si zachilendo kwa ife monga zikuonekera. Dickens anabadwa mu 1812, ndipo ali ndi zaka 12 anakagwira ntchito yomata mapepala pa mabotolo a polishi ya nsapato, bambo ake ali m'ndende chifukwa cha ngongole. David Livingstone anabadwa chaka chotsatira, mu 1813, ndipo ali ndi zaka 10 anali kale m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, kumene mzinda wathu unatengera dzina. Munthu amene anafika pa nyanja yathu mu 1859 anakulira m'dziko lomwelo la ana ogwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Makalata ndi zolemba zake zili pa Livingstone Online, zojambulidwa tsamba ndi tsamba, dzanja lake likuoneka. Mwana wanga, ukamaliza ya Oliver ukatsegule makalata amenewo, uwerenge mmene ankalembera za anthu a m'mbali mwa Shire. Mutu wa kafukufuku wako wa chaka chomaliza ungathe kutuluka m'menemo, ndipo ukaupeza undilemberenso.