Kodi dziwe ndi la amene wayamba kufika?

Achimwene ena amene amagwira ntchito ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, andilembera kalata pa imelo. Akuti Loweruka lina analawirira kukawedza kumtsinje wa Lunyangwa, anathira madeya padziwe, ndipo nsomba zitangoyamba kudya kunafika anthu awiri amene anaponya mbedza zawo pomwepo osapereka ndi moni womwe. Akufunsa ngati ali ndi ufulu wowathamangitsa.

Achimwene, ufulu wothamangitsa munthu pamtsinje mulibe, chifukwa madziwo si anu ndipo si anga. Koma anthuwo anakulakwirani, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zimveke bwino, popeza masiku ano pali anthu amene amaganiza kuti chinthu chikakhala chopanda mwini ndiye kuti chilibenso mwambo. Madeya aja munagula kuchigayo ndi ndalama zanu, munawanyowetsa, munawaumba timibulu, munawaponya m'madzi kusanache, kenaka munakhala chete m'chisanu cha Mzuzu kudikira kuti makumba ndi matemba asonkhane. Dziwe si lanu, koma thukuta limenelo ndi lanu, ndipo munthu amene waponya mbedza pamadeya a mnzake osapempha wakolola m'munda umene sanalime.

Ine kuwedza ndinaphunzira kwa amalume anga m'mbali mwa mtsinje wa Luweya, m'boma la Nkhata Bay, kumene ndinkapita pa tchuthi cha sukulu. Zida zathu zinali zosavuta: kansungwi, chingwe cha nayiloni, mbedza yaing'ono, kachidutswa ka patapata wakutha koyandama pamadzi, ndi chitini cha nyongolotsi zokwiriridwa m'dothi lonyowa. Tikamayandikira malo amene pali munthu wina, amalume ankandigwira paphewa kuti ndiime patali. Iwo ankanyonyomala, kupereka moni motsitsa mawu, kufunsa ngati zikudya, ndipo akayankhidwa ankafunsanso kuti ife tikhale chakuti. Kawirikawiri munthuyo ankaloza ndi mutu kumunsi kapena kumtunda, ndipo tinkazungulira kuseri kwa bango, osadutsa pakati pa iye ndi madzi. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi mwambo chabe wa akuluakulu, koma m'mwambomo munalinso nzeru ya usodzi. Nsomba ili ndi mzere m'nthiti mwake umene imamvera kugwedezeka kwa madzi, kotero kuti mdidi wa mapazi pagombe umaifika msanga, ndipo m'madzi oyera a m'chilimwe chithunzithunzi cha munthu woimirira chimabalalitsa nsomba zimene mnzako wakhala akusonkhanitsa kuyambira mbandakucha. Wobwera ndi phokoso amawononga za mnzake, ndipo iyenso sapha kanthu.

Tsiku lina mvula itagwa kumapiri, tinapeza mono wa munthu wina utazuka pabiyo, utakodwa pamizu ya mtengo. M'kati mwake munali milamba ikuluikulu ikuphiriphitha, ndipo kunyumba ndiwo zinali chigwada basi. Amalume analowa m'madzi mpaka m'chiuno, anaukoka monowo, anadula chikhomo chatsopano, anaumangirira ndi luzi, nsomba zili momwemo, ndipo pobwerera anapatuka kukauza mwini wake kumene auika. Sanandiuze chilichonse cha ulemu kapena cha kuba. Anangonena kuti mono umadziwika ndi kalukidwe kake, ndipo aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti uwu ndi wa yani. Kuvuula mono wa mnzako kunali mlandu wokafika kwa nyakwawa, ndipo munthu wogwidwa akutero dzina lake silinkayeranso.

Tsono ndikamaona zimene zikuchitika m'mitsinje yozungulira Mzuzu, mtima umandipweteka. Anthu tachuluka, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba madzi amaphwa, maiwe abwino amatsala ochepa, ndiye aliyense amathamangira omwewo. Ndinakhalapo pa Lunyangwa tsiku lina pamene anyamata ena anafika ndi wailesi, anakhala pamwamba pa gombe miyendo ili lendelende pamadzi, n'kumaponya zingwe modutsana ndi changa. Chingwe cha mmodzi chitakolana ndi changa, sanayembekeze kuti timasulire limodzi. Anangotulutsa lezala n'kudula changa. Pafupi nafe panali agogo ena amene ankawedza tinsomba ta ndiwo za tsikulo, ndipo anangokulunga chingwe chawo n'kunyamuka chimanjamanja. Chingwe changa ndinagula china mawa lake mumsika, koma agogowo anataya chakudya.

Apa ndiye pamene maganizo anga ali olimba, ndipo ena a m'tauni sadzakondwa nawo. Ife amene timachoka ku Katoto, ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa kukawedza kuti tipumitse mutu, ndife alendo pamtsinje, ngakhale titafika poyamba. Amene amakhala m'mbali mwake, amene ali ndi madimba a masamba m'dambomo, amene amatunga, kuchapa ndi kumwetsa ng'ombe pamenepo tsiku ndi tsiku, ali patsogolo pathu. Mayi akabwera ndi beseni la zovala padooko pamene amachapira chaka chonse, wosuntha ndi inu, ndipo musayembekeze kuti akupepeseni. Ndaona anthu ovala bwino akuponda mabedi a mpiru pofupikitsa njira, akusiya mabotolo ndi zingwe zoduka zokhala ndi mbedza m'udzu momwe ana amayenda opanda nsapato, kenaka anthu omwewo n'kumadandaula kuti a m'mudzi ndi ovuta. Munthu amene sadziwa kupereka moni kwa eni dera asamadandaule kuti mnzake wamulanda dziwe.

Ndipo chipongwe chachikulu pamtsinje si cha mbedza ayi. Ndi cha munthu amene amakokolola dziwe lonse ndi neti yoteteza udzudzu, imene inaperekedwa kuti ana agonemo asadwale malungo, kapena amene amasinja katupe n'kuthira kumtunda kuti chilichonse chiyandame. Ameneyo walanda onse amene ali kumunsi, ndi onse amene adzabwere chaka chamawa, chifukwa neti yotere sisiya ngakhale tiana ta nsomba, ndipo mankhwala sasankha. Lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala a poizoni, koma alangizi a zausodzi sangaime padziwe lililonse, choncho chimene chimateteza mtsinje ndi manyazi amene asodzi amachitirana okhaokha. Tisaiwale zimene zinachitikira ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja ya Malawi, koma inkalowa m'mitsinje kukaswana, anthu n'kumaitchinga ndi maukonde pamathiriro, ndipo lero ana ambiri a ku Mzuzu sanaionepo ndi maso. Mpasa ndi sanjika nazonso zimakwera mitsinje kukaikira mazira, ndipo mpasa wachepa kwambiri m'mitsinje imene kale unkadzaza. N'chifukwa chake pa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, mpasa umatetezedwa. Wotseka mtsinje wonse ndi biyo kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina, osasiya mpata woti nsomba zidutse, ndimamuika m'gulu lomwelo la akatupe.

Kunyanja anzathu anapitako patsogolo pa nkhani imeneyi. Ali ndi makomiti a m'madooko, ali ndi nyengo yotseka usodzi wa makoka imene imayamba pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, ndipo pachilumba cha Mbenje ku Salima mfumu Makanjira imatseka usodzi m'nyengo ya mvula, asodzi onse n'kusamukako mpaka tsiku lotsegulira. Ngakhale ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, wofuna kuwedza nsomba za trout m'madamu amayamba watenga chilolezo ndipo amatsata malamulo a paki. Koma pamitsinje ing'onoing'ono monga Lunyangwa ndi Kasitu, kumene ambirife timapita, munthu wa mbedza amangofika n'kuponya, ndipo chimene chatsala kuti chitisunge ndi mwambo uja wa amalume. Ndikhulupirira kuti ife akuluakulu ndife tausiya, chifukwa timapita kumtsinje tokha, ana tawasiya pa foni, ndipo mnyamata amene sanagwidwepo paphewa kuti aime patali sangadziwe kuti pali poimira.

Nanga muchite chiyani Loweruka likudzali

Akabweranso, yambani ndinu kuwapatsa moni, ngakhale kuti udindowo unali wawo. Auzeni motsitsa mawu kuti pamenepo mwathirapo madeya, ndipo alozereni malo ena kumunsi otalikirana mokwanira kuti zingwe zisakolane. Ngati muli ndi madeya otsala, apatseniko pang'ono akathire kwawoko; ambiri amasuntha akachitiridwa zotere, ndipo mawa lake amakhala oyamba kukupatsani moni. Akakana, musakweze mawu ndipo musakhudze zida zawo, chifukwa ndewu ya m'mbali mwa madzi, pamene pali mipeni, mbedza ndi miyala yoterera, imatha moipa. Kulungani chingwe chanu mupite kwina. Koma mukaona wina akuthira katupe kapena akukoka neti ya udzudzu, nkhani imeneyo si yoti muithetse nokha: kauzeni nyakwawa ya deralo, ndipo ngati zikupitirira, kanene ku ofesi ya zausodzi. Pochoka tolani zingwe zanu zonse zoduka, ndipo ngati njira yanu idutsa m'dimba la munthu, mupemphe mwini wake musanadutse.