Buku lanulo langokalamba, achimwene

Mnyamata wina wa ku Kamwendo wanditumizira imelo. Akuti ali ndi buku la Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, lomwe mnzake anamuikira pa fulashi, wafika pa mutu wa Hibernate, chida cholumikizira pulogalamu ndi database (mosungira zinthu za pulogalamuyo), koma chilichonse chimene akukopera m'bukumo chikungotulutsa zilembo zofiira za error. Akufunsa ngati mwina mutu wake ndi wouma. Achimwene, mwandikanda pachilonda.

Ntchito yanga yoyamba inali pulogalamu ya kagulu kena ka alimi kuno ku Mchinji, yolembera mtedza ndi soya: dzina la mlimi, makilo ake, ndalama imene watapa kale. Ndisanabwere ine, zonsezi zinkalembedwa m'kabuku kachikuto cholimba kamene mlembi wawo ankakasunga m'jumbo poopa mvula. Ine, nditawerenga mitu itatu yokha ya buku langa, ndinawauza kuti kabukuko kapume.

M'bukumo munali mzere wina woika mu hibernate.cfg.xml, fayilo youza Hibernate zochita, wonena kuti hbm2ddl.auto ikhale create. Ndinangokopera osafunsa. Kumene mzerewu umachititsa kuti pulogalamu ikangodzuka igwetse matebulo onse a mu database n'kumanga atsopano opanda kanthu. Wolemba bukulo analibe nazo nkhawa, poti ankaphunzitsira mayina ongopeka. Ife tinalowetsa mayina enieni tsiku lathunthu, mlembi akuwerenga, ine ndikutayipa, laputopu ili pamwamba pa thumba la soya. Chakumadzulo magetsi anathima, batire nayo n'kutha. Atayaka ndinatsegulanso pulogalamu ija. Pululu! Mlembi, bambo wachikulire ndithu, anasuzumira n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mayina athu aja alowera kuti?" Kenako mwakachetechete anapisa dzanja m'jumbo muja. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Ndiye ndinene mosapsatira, ena akwiye akwiye: Hibernate si poyambira. Gavin King anaiyambitsa mu 2001, ndipo ntchito yake ndi kulemba SQL, chilankhulo cholankhulira ndi database, m'malo mwanu, kuti class ya Java isanduke tebulo inu osavutika. Zimenezi zimakoma kwa munthu amene analembapo SELECT ndi JOIN mpaka kutopa nazo. Koma amene sanazigwirepo sadziwa n'komwe zimene zikuchitika kuseri. Mwachitsanzo, mukafuna alimi 200 pamodzi ndi matumba awo, Hibernate itha kupita ku database maulendo 201, ulendo umodzi wa mayina, ena onsewo wa matumba a mlimi mmodzimmodzi. Amati vuto la N+1. Zili ngati kutuma wakabaza kuti akatute matumba ku Mkanda kubwera nawo pa Boma limodzilimodzi, pomwe lole ili poteropo. Mabuku ambiri nkhaniyi amaiika kumapeto, kumene ambirife sitifikako.

Chinanso chimene chimandinyansa, olemba mabukuwa amaganiza kuti intaneti ili ngati mpweya. Amangoti yendetsani Maven, chida chokoka pa intaneti mafayilo amene pulogalamu yanu ikufuna. Maven yo ikayamba kukoka mafayilo, bandulo yanu imasungunuka muli kuyang'ana. Ine ndinadziwa mochedwa kuti zonse zimene yakoka zimakhala mu foda yotchedwa .m2, ndipo mutha kukopera foda imeneyi kwa mnzanu pa fulashi yomweyo imene munatengera buku. Palibe buku limene linandiuzapo zimenezi.

Nanga zilembo zofiirazo?

Simunanditumizire error yake, koma ndikuganiza kuti bukulo ndi lakale. Ngati likulemba javax.persistence, dziwani kuti kuyambira pa Hibernate 6, imene inatuluka mu 2022, dzinalo ndi jakarta.persistence. Tsegulani pom.xml, fayilo ya Maven, muone nambala ya Hibernate imene muli nayo, kenako musankhe: kusintha ma import onse, kapena kutsitsa Hibernate 5 kuti mufanane ndi buku. Poti mukuphunzira, ine ndikanasankha chachiwirichi. Onaninso driver yolumikizira ku database ya MySQL, poti yatsopano ndi com.mysql.cj.jdbc.Driver. Muyatse show_sql kuti muziona zimene Hibernate ikulemba, ndipo mupatule masabata awiri mukulemba SQL ndi manja anu. Create uja mumusinthe akhale validate, amene amangoyang'ana matebulo osawagwetsa, musanalowetse dzina la munthu weniweni ngakhale mmodzi. Zikakanikabe, jambulani error yonseyo, makamaka pamene palembedwa Caused by, munditumizire.