Deta yochokera ku seva musaiike mu store momwe yabwerera

Achimwene ena a ku Ngabu anditumizira imelo. Akupanga pulogalamu ya pa intaneti yolembera alimi a thonje. Seva, kompyuta yosunga deta yonse, imawatumizira JSON (deta yolembedwa mwa dongosolo loti pulogalamu iwerenge) ya makalabu, m'kalabu iliyonse muli alimi, ndipo pansi pa mlimi aliyense pali ngongole zake za mbewu ndi mankhwala. Zonsezi amazilowetsa momwemo mu store ya Redux, malo amodzi amene masamba onse a pulogalamu amatengamo deta. Akufunsa kuti bwanji akasintha nambala ya foni ya mlimi pa tsamba limodzi, pa tsamba lina imaonekabe yakale.

Achimwene, mlimiyo mwamusunga kawiri. Ali m'kalabu yake, alinso pa mndandanda wa angongole, ndiye inu mwakonza malo amodzi okha.

Iphwasuleni JSON-yo isanalowe mu store. Alimi paokha, makalabu paokha, ngongole pazokha, chilichonse chizipezeka ndi id yake, nambala yochizindikirira. Kalabu izingosunga ma id a alimi ake, mwachitsanzo 12, 40 ndi 57, osati dzina ndi mudzi wa aliyense. Mukasintha nambala ya mlimi 40, masamba onse amawerenga malo amodzimodziwo. Mu Redux Toolkit, zida zothandizira Redux, muli createEntityAdapter yomwe imasanja zinthu m'magawo awiri, ids ndi entities, ndipo upsertMany imalowetsa atsopano n'kukonza amene alipo kale.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Redux imasunga zinthu tsamba likadali lotsegula basi. Mlangizi akawoloka Shire kupita ku East Bank netiweki n'kuthawa, tsamba likangotsekeka alimi onse asowa, iye ali pansi pa mtengo anthu akudikira. Choncho zonse zimene zabwera muzizilembanso mu IndexedDB, nkhokwe ya deta ya pa foni pomwepo yomwe siifufutika tsamba likatsekeka, ndipo pulogalamu ikamatseguka iziyamba yawerenga mmenemo. Kuti tsambalo litseguke popanda netiweki pafunikanso service worker, kapulogalamu kosunga mafayilo a tsambalo pa foni. Nkhokwe ina ya localStorage isiyeni, malo ake ndi pafupifupi 5MB ndipo imasunga mawu okha.

Bandulo ndi ndalama, ndiye musamakoke alimi onse tsiku lililonse. Pemphani okhawo amene asintha kuchokera pomwe munakoka komaliza, potengera nthawi ya seva, chifukwa wotchi ya pa foni imasokonekera. Muzikumbukiranso kuti upsertMany sichotsa kanthu. Mlimi akatuluka m'kalabu, seva itumize id yake pa mndandanda wa ofufutidwa, inu mumuchotse ndi removeMany. Kupanda kutero azingoonekabe pa foni ya mlangizi, n'kulembedwanso pogawa mbewu.