Mabulugamu anga ndi nkhalango kapena ayi?

Funso: Akonzi, ndinabzala mabulugamu okwana 300 kuseri kwa nyumba, pano akula ndithu ndiye ine ndimati ndili ndi nkhalango, koma alamu anga amangondiseka akuti aka nkatchire chabe. Kodi nkhalango, tchire, thengo ndi msitu si chimodzimodzi? Wowerenga wa ku Mitundu

Yankho: Achimwene, alamu anuwo alakwitsa koma nanunso mwina mwathamanga pang'ono. Bungwe la FAO, lomwe limaona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, lili ndi muyeso wake, limati kuti malo atchedwe nkhalango akhale opitirira theka la hekitala (ekala imodzi ndi kachidutswa), mitengo yake yotalika kupyola mamita 5, komanso nthambi zake ziphimbe gawo loposa 10 pa 100 la nthakayo. Ndiye ngati mitengo 300 yanuyo mwaipanikiza pakamalo kakang'ono, sinafike, ndi kamunda ka mitengo basi. Munda wa mango nawo sawerengedwa olo ukule bwanji, umenewo amauika ku ulimi.

Koma kunena kuti tchire ndiye ayi. Tchire ndi udzu wautali ndi zitsamba zongomera zokha, monga tsala lomwe mwasiya kulima zaka zingapo, pamene thengo ndi kulikonse kopanda nyumba za anthu, nchifukwa chake munthu akati ndapita kuthengo sitimufunsa kuti mukatani.

Msitu ndi wina. Ndi mitengo yothithikana pamalo amodzi, kawirikawiri ya kumanda, ndipo mukamayenda m'midzi ya Lilongwe kapena Dowa muona kuti kwayera konse kwangotsala timagulu ta mitengo ikuluikulu apo ndi apo, dziwani kuti pamenepo ndi pamanda, nkhwangwa siloledwa chisawawa, mwinanso dambwe lili chapomwepo. Ku Nsanje msitu wa Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, waima mpaka lero pa chifukwa chomwechi. Ine ndimaona ngati mafumu ateteza mitengo yambiri ndi mwambo umenewu kuposa zikwangwani zoletsa zija.

Nkhalango zenizenizo nazo ndi zosiyana. Dzalanyama, yomwe muli nayo pafupi, ndi ya miombo, mitengo yachilengedwe yotalikirana pang'ono, pansi pali udzu, imayoyola masamba m'chilimwe nkuphukira ofiira mvula isanagwe, ndipo ndi mmene mumachokera masuku ndi bowa uja amagulitsa m'mbali mwa msewu. Ku Liwonde kotentha kuli tsanya. Pamwamba pa phiri la Mulanje ndi kwawo kwa mkungudza, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko. Chikangawa ndi yochita kubzala, paini m'mizere, mahekitala oposa 50,000 pa nthawi yomwe inali bwino moto ndi macheka zisanaisakaze.

Yanuyo ili mgulu la Chikangawa, kungoti ndi yaing'ono. Kayezeni malowo kaye musanakatsutsane nawonso alamuwo, ndipo ngati pali chitsime kapena dimba pafupi musawonjezere bulugamu mbali imeneyo, amamwa madzi kwambiri ameneyu.