Yankho kwa achemwali pa za chakudya cha anthu a ku Laos

Achemwali, ndamva uthenga wanu, ndipo pepani kuti ndachedwa kuyankha. Mwanena kuti mwana wathu akamabwera ku tchuthi kuchokera ku France adzabwera ndi mnzake amene makolo ake ndi a ku Laos, dziko la kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo mwafunsa ngati muyenera kugula timitengo todyera ndi kuphika mpunga wokazinga monga amachitira Matchaina. Timitengo musagule. Pa zaka ziwiri zimene ndinagwira ntchito ku Vientiane, likulu la dzikolo, ndinaona timitengoto tikugwiritsidwa ntchito pa zakudya za msuzi zokhala ndi ma noodles basi, pamene chakudya chenicheni cha pakhomo amadya ndi manja atasamba, monga momwe ife timachitira.

Chakudya chachikulu kumeneko ndi mpunga womata umene iwo amautchula kuti khao niao, ndipo amaunyadira kwambiri moti amadzitcha okha ana a mpunga womata. Mpungawu ndi mtundu wakewake, ndiye musaganize kuti mukathira madzi ambiri mu Kilombero ndiye kuti mwaupeza, chifukwa chimene mungapeze ndi phala. Kaphikidwe kake n'kosiyananso ndi kathu, pakuti sauwiritsa m'madzi. Amauviika usiku wonse, kapena maola angapo, kenako amautsanulira mu dengu la nsungwi losongoka kumunsi lotchedwa huad, n'kulikhazika pakamwa pa mphika wa madzi owira kuti mpungawo upse ndi nthunzi yokha. Pakati pa kuphikako mayi amagwedeza dengulo mwaluso mpaka mpunga wonse utatembenuka ngati chibuma chimodzi, ndipo pakatha pafupifupi theka la ola umakhala wapsa. Ukapsa amauyala pa thabwa kapena pa lichero n'kuutakasa kuti nthunzi ichoke, kenako amauika m'timadengu tokhala ndi zivindikiro totchedwa tip khao, timene mlimi amanyamula popita kumunda ndipo mwana amanyamula popita kusukulu. Munthu amatema kambamu, amakaumba m'dzanja, n'kusunsa kapena kutapira ndiwo. Mpungawu sumata zala ngati waphikidwa bwino, ndipo umakhalitsa m'mimba.

Ndachedwa pa mpungawu dala, chifukwa mukaumvetsa ndiye kuti mwamvetsanso chifukwa chake ndiwo zawo zili momwe zilili. Mbamu ya mpunga womata ikalowa mu msuzi wambiri imamwazika, choncho ndiwo zambiri zimakhala zouma kapena zolimba, ndipo zimakhala zamphamvu mkamwa, zamchere, zowawasa, za tsabola wambiri, popeza munthu amangotapa pang'ono. Ine tsiku loyamba ndinalakwitsa potapa ndiwo ndi supuni yodzaza n'kudya popanda mpunga, ndipo misozi inatuluka pamaso pa eni nyumba, amene anandiseka mwaulemu n'kundikankhira kadengu ka mpunga pafupi.

Pa ndiwo zosunsira, zimene amazitcha jeow, amawotcha tomato kapena mabiringanya pa makala pamodzi ndi adyo, anyezi ndi tsabola mpaka makungu atada, kenako amasenda n'kusinja mu kamtondo. Ku Luang Prabang, mzinda wakale wa mafumu umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu 1995, kuli jeow bong, ya tsabola wouma, yotsekemera pang'ono, imene amaikamo tizidutswa ta chikopa cha njati zoweta. Kamtondo kameneka sikasowa m'khitchini iliyonse, ndipo ndi komwenso amasinjiramo papaya wosapsa wodulidwa timizeremizere, pamodzi ndi mandimu, tsabola, adyo ndi tomato, kupanga chimene amachitcha tam mak hoong.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene chimapatsa zakudya zawo kakomedwe kamene simungakapeze kwina, ndipo dzina lake ndi padaek. Dziko la Laos silifika kunyanja yamchere, koma lili ndi mtsinje wa Mekong ndi mitsinje yambiri yothira mmenemo, choncho nsomba zawo ndi za m'madzi opanda mchere. Pofuna kusunga nsomba za nyengo ya zochuluka, amazisakaniza ndi mchere ndi madeya a mpunga n'kuzitsekera mu mtsuko kwa miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka, mpaka zitasanduka msuzi wokhuthala wofiirira wokhala ndi tizidutswa ta nsomba. Fungo lake mtsuko ukatsegulidwa ndi loopsa kwa mlendo, sindikubisirani, koma akathira pang'ono m'ndiwo fungolo limazilala ndipo chotsala ndi kukoma kozama kumene mchere pawokha sungabweretse. Ndinakana kwa miyezi iwiri, ndipo kenako ndinayamba kuona kuti papaya wopanda padaek ndi wozizira.

Chakudya cha pa zikondwerero ndi laap, ndipo ndicho chimene ndikukulangizani kuti muyese, chifukwa pafupifupi zofunika zake zonse mungazipeze pamsika kwathu. Amadula nyama ya nkhuku, ya ng'ombe, ya nkhumba kapena nsomba tizidutswa ting'onoting'ono ndi mpeni, amaiphika mwachidule popanda mafuta ambiri, kenako amathiramo madzi a mandimu, tsabola, anyezi wamasamba, masamba ambiri a mint ndi coriander, ndi msuzi wa nsomba uja. Chinsinsi chake ndi ufa wa mpunga wokazinga: amatenga mpunga wosaphika, amaukazinga pa chiwaya chouma mpaka utafiira, n'kuusinja osaulalitsa, ndipo ufawo umamwa madzi a nyama n'kupereka kafungo konga ka mtedza wokazinga. Dzina lakuti laap limamveka mofanana ndi mawu awo otanthauza mwayi, n'chifukwa chake silisowa pa ukwati ndi pa chaka chatsopano chawo, chimene chimachitika mu Epulo. Kumidzi ena amadya laap ya nyama kapena nsomba yaiwisi, koma imeneyo musayese, pakuti nsomba yaiwisi ya m'mitsinje imeneyo imafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi zimene zimavutitsa anthu ambiri m'chigawocho.

Chinandidabwitsa china n'chakuti anthuwa amakonda zowawa, kuwawa konga kwa luni, ndipo ali ndi mwambi wonena kuti zotsekemera zimachititsa chizungulire pamene zowawa ndi mankhwala. Pa chakudya chilichonse pamakhala mulu wa masamba aawisi, ena a kumunda ena a kutchire, oti munthu azitafunira limodzi ndi nyama. Ichi ndi chimene chimasiyanitsa kwambiri zakudya zawo ndi za m'chigawo chapakati cha Thailand, kumene shuga ndi mkaka wa kokonati zimachuluka, ngakhale kuti kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, ku Isan, anthu ndi a mtundu womwewo ndipo amadya mofanana. Ku Luang Prabang amaphikanso or lam, ndiwo yokhuthala ya nyama, mabiringanya ndi bowa, imene amaponyamo zidutswa za mtengo wotchedwa sakhan, wochititsa dzanzi pang'ono pa lilime, ndipo mtengowo umangoyamwidwa n'kulavulidwa. Amakololanso ndere za mu mtsinje, amaziyanika ngati mapepala atawazapo chitowe ndi adyo, n'kuzikazinga mwachangu. Nsomba amaikulunga m'masamba a nthochi pamodzi ndi zonunkhiritsa n'kuiphika ndi nthunzi, ndipo imeneyi, yotchedwa mok pa, mukhoza kuipanga bwino ndi chambo kapena kampango.

Musaiwale kuti mlendo wanu wakulira ku France. Dziko la Laos linali pansi pa ulamuliro wa France kuyambira mu 1893 mpaka mu 1953, n'chifukwa chake buledi wautali wa chifalansa amagulitsidwa m'mawa uliwonse m'misewu ya Vientiane, ndipo ufumu utatha mu 1975 mabanja ambiri anathawira ku France ndi ku America. Mwina makolo ake anachoka nthawi imeneyo, ndipo iye akhoza kukhala wozolowera zakudya za mbali zonse ziwiri. Chimene mungachite n'kuuza mwana wathu kuti anyamule makilogalamu awiri a mpunga womata ndi botolo la msuzi wa nsomba kuchokera m'masitolo a zakudya za ku Asia, ndipo ngati dengu lija palibe, sefa yachitsulo yoyalamo kansalu koyera pamwamba pa mphika wa madzi owira imagwira ntchito. Muike zakudya zonse pakati nthawi imodzi kuti aliyense azitapa yekha, chifukwa iwo sadya motsatizana mbale ndi mbale. Tsiku loyamba mumuphikire nsima ndi chambo chowotcha ndi nkhwani wotendera, pakuti kuumba mbamu akudziwa kale, ndipo laap mudzapange tsiku lachiwiri iye ali nanu kukhitchini kuti akuuzeni ngati mandimu akwana.