Matsenga, chikondi ndi mlandu wakupha m'buku limodzi

FUNSO: Akonzi, ndikulemba buku la mtsikana wofufuza milandu m'dziko lopeka momwe matsenga amachitika poyera. Mtsikanayo wayamba kukondana ndi mmodzi mwa oganiziridwa. Anzanga akuti nkhaniyi ilibe mchere, poti angathe kungopita kwa woombeza maula n'kudziwa wakupha. Ndiikonze bwanji? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

YANKHO: Anzanuwo aona bwino. Mu 1929 Ronald Knox wa ku England, polemba malamulo khumi a nkhani za ofufuza milandu, analetseratu zamatsenga, kuti owerenga azikhala ndi mwayi wotulukira wolakwa paokha. Inu matsengawo musawataye, koma muwaikire malire.

Musanayambe mutu woyamba, lembani papepala zinthu zitatu: zomwe matsengawo amatha, zomwe samatha, ndi zomwe wowagwiritsa ntchito amaluza. Tinene kuti maula amangoonetsa zomwe malemuyo anaona ndi maso ake, ndipo woombeza amachita khungu masiku atatu. Basi, wakupha wochenjera adzera kumbuyo, kapena athira chiphe m'thobwa, maulawo n'kusowa chonena. Malamulo a matsengawa aonekere akugwira ntchito m'mitu itatu yoyambirira, pa kankhani kakang'ono ngati ka mbuzi yobedwa. Lamulo lotulukira koyamba m'mutu womaliza owerenga amalitenga ngati chinyengo, ndipo alembi ambiri amapunthwa pamenepa.

Nyumba yotsirika imathandiza kwambiri. Ngati mankhwala otsirikira amabweza mlendo aliyense koma mtembo wapezeka m'kati, ndiye kuti wakupha ndi wapakhomo pomwepo kapena anachita kuitanidwa. Oganiziridwa asapose asanu, ndipo umboni weniweni uonekere kawiri kapena katatu utasakanikirana ndi zina.

Chikondicho chiyendere limodzi ndi mlanduwo. Umboni uliwonse umene mtsikanayo wapeza uzimuyandikiza kwa mnyamatayo kapena kumutalikitsa. Chapakati pa buku apeze chithumwa cha mnyamatayo pafupi ndi mtembo, avutike nacho mumtima: achibise kapena achipereke kwa akuluakulu? Chomwe asankhe chimubweretsere mavuto enieni m'mitu yotsatira.

Mankhwala a kondaine asalowe pakati pa awiriwa. Owerenga akangoganiza kuti mmodzi anadyetsedwa, chikondi chonsecho sachikhulupiriranso. Ngati mukuwafunabe m'bukumo, akhale chomwe chinachititsa munthu wina kupha: anazindikira mochedwa kuti banja lake linamangidwa ndi mankhwala.